Hutala ya pa Mlatho

Lefina adaima pakati pa kalasi atabisa manja kumbuyo. Anzake a Fomu 2 adali atatembenuka onse kumuyang'ana, ena akuseka kale zinthu zisanayambe n'komwe. Pabolodi a Zgambo, mphunzitsi wa Chingerezi, adali atalemba mawu akuti “evade”, “dodge”, “deceive” ndi “trick”. Mbali ina ya bolodiyo idali yopanda kanthu, ikudikira mawu otsutsana nawo.

“Lero tachita mwayi,” adatero a Zgambo akusasa choko m'manja. “Katswiri wathu wozemba watiyendera. Sabata yatha yonse sitidamuone, ndiye mawu awa ndi abale ake enieni. ‘Evade’ ndiko kuzemba, Lefina, ndipo iweyo uli ndi digiri yake. Tatiuza, liwu lotsutsana nalo ndi liti?”

Kalasi idaseka. Lefina liwulo sankalidziwa. Akadalidziwa bwanji poti masiku omwe anzake ankaphunzira zimenezi iye adali atakhala pansi m'chigafa cha bambo ake, akusoka fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa?

“Sindikudziwa, Sala.”

“Sakudziwa. Shalom, tamuthandize mlendoyu.”

Shalom, mwana wa kalaliki wa pa Santhe, yemwe chibadwire sadagwirepo tsamba la fodya, adaimirira msanga.

“‘Face’, Sala. Kapena ‘confront’.”

“Mwamva? Kukumana nalo vuto maso ndi maso. Wozemba amathawa, winayu amaima nji. Iwe Lefina, ukaweruka utenge chikwakwa ukatchetche kuseri kwa zimbudzi. Mwina udzu ukakuphunzitsa kuima.”

Apa mkwiyo udamufika Lefina pakhosi. Adatulutsa manja onse awiri n'kuwatambasula kuti aliyense awaone. Adali akuda bii ndi utomoni wa fodya womwe sumva sopo, ndipo nsonga za zala zidali ndi timabala ta singano.

“Sala, mukudziwa komwe ndinali. Ndipo si ine ndekha. Taonani madesikiwa. Chiyamiko ali kuti? Dorika ali kuti? Theka la kalasi kulibe, ndipo mukudziwa kuti ali m'zigafa. Mudapitako ngakhale kamodzi kukafunsa makolo athu?”

A Zgambo sadawayang'ane manjawo. Adayang'ana kunja kudzera pazenera.

“Za kumudzi kwanu zisandikhudze, mtsikana iwe. Ine adandituma kudzaphunzitsa Chingerezi, osati kudzaweruza milandu ya fodya.”

“Ndiye wozemba apa ndani, Sala?”

Ngakhale Shalom adaweramitsa mutu. Choko chidathyoka m'zala za a Zgambo.

“Tuluka. Ukatchetche pompano. Ndipo mawa ubwere ndi ziganizo za mawu onsewa, lililonse ndi lotsutsana nalo. Ukalephera ubwere ndi bambo ako.”

“Ndingakondwe,” adayankha Lefina akutola makope ake. “Mwina mudzawafunsa nokha.”

Udzu wa kuseri kwa zimbudzi adautchetcha ngati udamulakwira ndiwo.

Mwezi wa Malichi sumvera chisoni mwana wa mlimi wa fodya. Masamba amapsa kuchokera m'munsi, ndipo sadikira kuti munthu aweruke kusukulu. Njira yonse yochokera pa Santhe kupita kwawo, Lefina ankadutsa minda yobiriwira yongofika komwe maso alekezera, zigafa zaudzu zitandandalikana m'mphepete mwake. M'chigafa chilichonse munkamveka mawu a ana.

Kampani yomwe inkagula fodya wa a Mbewe, bambo ake a Lefina, inkaletsa zimenezi. Idapereka ngakhale chikwangwani chachitsulo cholembedwa kuti “Pano sitigwiritsa ana ntchito”, ndipo a Mbewe adachikhoma bwinobwino pamzati wa chigafa. Pansi pa chikwangwanicho m'pomwe Feliya, mng'ono wake wa Lefina wa Sitandade 5, ankakonda kukhala posoka, chifukwa padali kamthunzi.

Kampaniyo idalinso ndi mlangizi wake, a Frazer, yemwe ankayendera alimi pa njinga yamoto kudzaona ngati lamulolo likutsatidwa. Musanalowe m'mudzimo pali dambo, ndipo padambopo pali kamlatho kamitengo. A Frazer akafika pakamlathoko ankaliza hutala. Pasakhale ng'ombe, pasakhale munthu, pasakhale ngolo, hutala inkalira basi, nthawi yaitali ndithu. Mudzi wonse unkadziwa tanthauzo lake. Ana ankataya singano n'kuthamangira m'minda ya chimanga, akuluakulu n'kukhala pamalo pawo. A Frazerwo ankakwera kamtunda kotsalako pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Zaka zonsezi sadaonepo mwana akugwira fodya m'mudzimo. Ndipo sankanama ayi. Sadamuonepodi.

Lefina adapeza bambo ake akupachika mikangala, timitengo tolenjekapo fodya wosoka, m'chigafa. Adali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Sadamufunse za kusukulu.

“Mawa palibe sukulu,” adatero ali m'mwamba momwemo. “Munda wa kumunsi uja wapsa. Tikauchedwetsa ndi mvula imeneyi, masamba aola.”

“Ababa, ndangopitako lero lokha. Aphunzitsi anditcha katswiri wozemba pamaso pa kalasi yonse.”

“Aphunzitsiwo amadya choko?”

“Akuti ndikapanda kubwera ndi ntchito yawo ndibwere ndi inu.”

“Uwauze abwere kuno adzandithandize kuthyola, tidzacheza bwino.” A Mbewe adatsika n'kumuyang'ana. “Yunifolomu wavalayo idagwa kumwamba? Makope amenewo adamera m'dambo? Ndi fodya ameneyu. Ukufuna sukulu, koma chomwe chimakupititsa kusukuluko ukuchinyoza.”

“Ndiye chotsani chikwangwanicho. Bola tizigwira poyera kusiyana n'kumathawira m'chimanga ngati mbava kwathu komwe.”

“Lefina,” adalowererapo mayi ake, aNachisale, omwe ankasankha masamba pakona. “Amenewo ndi bambo ako.”

“Ndikudziwa, amayi. Ndi chifukwa chake ndikuwauza iwowo.”

A Mbewe adanyamula mkangala wina n'kukweranso.

Madzulo Lefina adakhala pakhonde ndi kope lake kuwala kusanathe. Feliya adabwera kudzamutsamira, akutafuna chimanga chowotcha.

“Ukulemba chiyani, achemwali okwiya?”

“Zachingerezi. Choka apa, ukundigwedeza dzanja.”

“Ameneyu ndi chiyani? Do-d-ge.”

“Amati ‘dodge’. Zomwe umachita ukamva hutala.”

Feliya adaseka mpaka kutsamwa. “Ndiye ineyo ndikhoza kukhoza Fomu 2. Palibe wondiposa kuthamanga. Nanga wotsutsana naye?”

“Kukhala pomwe ulipo osathawa.”

“Iii, amenewo ndi mawu opusa. Angakumenye ababa.” Adaluma chimanga chake, kenaka n'kutsitsa mawu. “Koma mawa ine sindikufuna kuthyola m'mawa. Masamba akakhala ndi mame mutu umandizungulira.”

“Wawauza amayi?”

“Akuti ndizolowera. Akuti nawonso ankamva choncho ali mwana.”

Lefina adatseka kope. Ziganizo zidali zisanathe, koma mtima wolemba udali utachoka.

Mvula idagwa usiku wonse. Kutacha, munda wa kumunsi udali ukudontha madzi tsamba lililonse. Adalowamo onse anayi. A Mbewe, aNachisale ndi Lefina ankathyola, Feliya n'kumakumbatira masambawo pachifuwa kupita nawo kuchigafa. Adali wamfupi, ndiye mtolo uliwonse unkamuphimba mpaka pachibwano. Sipadatenge nthawi deresi lake lidanyoweratu n'kumumatirira pathupi. Ankapita n'kubwera, kupita n'kubwera. Poyamba ankaimba. Kenaka adasiya.

Dzuwa litakwera pang'ono, Lefina adamva mtolo ukugwa. Potembenuka adaona Feliya atagwada pakati pa mizere akusanza.

“Ndi nseru ya fodya imeneyo,” adatero a Mbewe atabwera. “Ikutha yokha. Amake Lefina, kamusungunulireni shuga m'madzi. Agone pang'ono m'chigafa.”

Adamugoneka pathumba. Madzi a shuga aja adawamwa n'kuwabweza pomwepo. Nkhope yake idatuwa, thukuta likuyenderera ngakhale kunja kudali kozizira.

“Ababa, uyu sali bwino. Tipite naye kuchipatala.”

“Njinga yakapalasa iyenda bwanji m'matope amenewa? Dikira kuume kaye. Wayamba iyeyu kudwala nseru?”

Asadamalize n'komwe, kudambo kudamveka hutala. Idalira, n'kuliranso.

A Mbewe adayang'ana mwana wogona pathumbayo, deresi lake lonyowa lokhala ndi zidutswa za masamba, n'kuyang'ana kunjira.

“Lefina, mubereke. Kalowe naye m'chimanga. Fulumira.”

“Ababa, akudwala.”

“Ndati fulumira. Akamuona chonchi atichotsa m'kalabu ya alimi a kampani, ndiye chaka chamawa tidzalima ndi chiyani? Sakhalitsa. Akangopita tiona chochita.”

Lefina adayang'ana mayi ake. ANachisale adapewa maso ake, n'kumuthandiza kukweza Feliya kumsana. Miyendo ya Lefina idamvera yokha monga idazolowera. Adadutsa kuseri kwa nkhokwe n'kulowa m'munda wa chimanga, masamba akumukanda kumaso. Kumanzere kwake ankamva tswatswa wa ana a m'nyumba zina, nawonso akulowa m'mabisalo awo, ena akuseka chapansipansi ngati ndi masewera.

Adamutsitsa Feliya pakati pa mizere n'kumugoneka pamiyendo pake. Thupi lake lidali lozizira ngati mwala wa kudambo. Dovu linkatuluka m'mbali mwa kamwa.

“Feliya. Iwe Feliya. Tandiyang'ana.”

Feliya adatsegula maso pang'ono. “Chimanga chikuzungulira,” adatero ndi mawu osamveka bwino. Adayesa kusanza koma m'mimba mudalibe kanthu. Manja ake adayamba kunjenjemera.

Pabwalo njinga yamoto idafika n'kuzima. Mawu onse ankamveka bwinobwino.

“Odi kuno, a Mbewe. Mwadzuka bwanji ndi mvula ya dzulo?”

“Tadzuka bwino, alangizi, kaya inu. Khalani pampando apa.”

“Fodya wakongola chaka chino, bambo. Ameneyu ndi giredi yapamwamba. Ana ali kusukulu?”

“Onse awiri. Alawira m'mawa.”

“Ndi zimene timafuna zimenezo. Mwana ndi sukulu.”

Adaseka onse awiri. Lefina adaluma mlomo mpaka kumva kukoma kwa magazi. Adali akuluakulu awiri, wina akudziwa kuti mnzake akunama, winayo akudziwanso kuti mnzake akudziwa, koma akusekererana ngati ali paukwati. Pomwe mwana adali gone m'matope kuseri kwa nkhokwe. Awiriwo adayamba kukambirana za kuuma kwa masamba, za mvula, za njira yomwe yaonongeka. ANachisale adawapatsa mlendoyo thobwa. Lefina adamva ngakhale kapu ikuikidwa pansi.

“Feliya,” adanong'ona. Adamugwedeza. “Feliya, ndiyankhe. Ndikupatsa cholembera changa chofiira chija.”

Feliya sadayankhe. Mutu wake udangogwera kumbali, maso atatseguka theka, mpweya ukutuluka mothamanga ngati wa nkhuku yothamangitsidwa.

Chipatala chidali kutali, kupitirira pa Santhe. Pa njinga yakapalasa m'matope amenewo akadafika dzuwa litapendeka. M'mudzi monse chinthu chokhacho chomwe chikadamufikitsa Feliya msanga chidali chitaima pabwalo pawo. Ndipo Lefina adamva mpando ukukokedwa, a Frazer akutsanzika, kenaka injini ikutsokomola n'kulira.

Sadaganizenso za kalabu. Adamukweza mng'ono wake m'manja, adathyola mapesi omwe adamutchinga, n'kutulukira panjira pomwe njinga yamoto inkakhotera. Adaima pakatikati. A Frazer adaponda buleki mpaka tayala lakumbuyo lidaterereka.



“Lefina, bwerera komwe wachokera,” adatero a Mbewe. Mawu awo adali apansi.

“Sindibwerera.”

A Frazer adakweza galasi la chipewa chawo. Adali bambo wonenepa, wa nkhope yaulemu. Maso awo adagwera pa deresi la Feliya n'kuchokapo msanga.

“Ana awa ndi a kuti, a Mbewe? Kaya ndi malungo amenewa. Nyengo ino malungo avuta.”

“Si malungo,” adatero Lefina. “Ndipo mukutidziwa. Ine ndine Lefina, uyu ndi Feliya, ana a m'nyumba ino. Sitinapite kusukulu. Tinali m'munda wa fodya kuyambira m'mawa. Muyang'aneni bwinobwino, alangizi, musayang'ane mtengo wa mangowo.”

“Mtsikana, ukuyankhula ndi munthu wamkulu.”

“Munthu wamkulu amene amaliza hutala pamlatho popanda ng'ombe? Mumaliza kuti tithawe. Tathawa lero, taonani zomwe zachitika. Mukufuna adzafere m'chimanga kuti inu mukanene kuti simudaone kanthu?”

A Mbewe adayenda n'kumugwira mkono mwamphamvu. “Watseka pakamwa kapena ndikutseke ndine?”

“Ndimenyeni, ababa. Koma mundimenye iyeyu atakwera panjingapa.”

A Frazer adayeretsa kukhosi. “Onani, a Mbewe, lamulo la kampani silindilola kunyamula munthu pa njinga imeneyi. Ikachitika ngozi, ntchito yanga yatha. Komanso ndikafika naye kuchipatala ali chonchi, afunsa mafunso. Ndiye kuti inenso ndalowa m'nkhani. Mwina mupeze wa kabaza.”

“Lamulo la kampani,” adabwereza Lefina, n'kuseka kuseka kowawa. “Lero ndiye mwalikumbuka.”

ANachisale adali ataima pakhomo la chigafa, kapu ya thobwa ili m'manja. Adaiponya pansi. Adabwera n'kugwira chipumi cha Feliya, n'kumutsegula diso ndi chala. Zomwe adaona zidawasintha nkhope. Adachotsa dzanja la amuna awo pamkono wa Lefina ngati akuchotsa chitsotso. Adamasula chitenje chawo chapamwamba, adamutenga mwanayo n'kumukhazika kumbuyo kwa a Frazer, iwo n'kukwera pambuyo pake, n'kumangirira chitenjecho kuti asagwe.

“Amayi, ndanena kuti...”

“Ndamva zomwe mwanena, alangizi. Thobwa langa mwamwa. Tsopano yendetsani.”

A Frazer adayang'ana a Mbewe ngati akupempha chithandizo. A Mbewe adali atangoima, manja ali lende. Njinga yamoto idanyamuka, ndipo ulendo uno sidayende ngati yanyamula mazira.

Pabwalo padatsala awiri. Kuchokera m'minda ya chimanga, ana a m'nyumba zina adayamba kusuzumira, ena akutuluka pang'onopang'ono.

“Watipha,” adatero a Mbewe. “Ukudziwa zomwe wachita? Mudzi wonse utida. Akayamba kufufuza, sasiyira pakhomo pano pokha.”

“Atide. Feliya ndi wa mudzi wonse kapena ndi wanu?”

A Mbewe adakweza dzanja. Lefina sadasunthe, sadatseke ngakhale maso. Dzanjalo lidakhala m'mwamba, kenaka lidatsika lokha. Adalowa m'nyumba n'kutulutsa njinga yakapalasa. Sadamuuze kuti akwere, koma adaima n'kudikira mpaka atakwera.

Njira yonse pena ankapalasa, pena ankatsika n'kukankha njingayo m'matope. Masamba omwe adathyola m'mawa adatsala ali mbwee m'mizere, dzuwa likuwawomba.

Atafika kuchipatala adapeza Feliya atagonekedwa pabedi, aNachisale atakhala pambali. A Frazer adali ataima pakhomo la chipindacho, chipewa chili m'khwapa, akuoneka ngati munthu wofuna kuchoka koma wosowa potulukira. Namwino, mayi wachikulire wovala magalasi, adali atangolandira zotsatira za magazi, zomwe zidachedwa kutuluka.

“Malungo mulibe,” adatero. “Ndawafunsa mayiwa kuti mwanayu wadya chiyani kapena wagwira chiyani, akungolira. Bambo awa akuti adangowapeza panjira. Inu ndinu bambo ake? Ndiuzeni zoona, chifukwa sindingamuthandize mongoganizira. Anali kuti m'mawa uno?”

Lefina adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma adadziletsa. Adatembenuka n'kuyang'ana bambo ake. Adawayang'ana osaphethira. A Mbewe adayang'ana pansi, adayang'ana a Frazer, n'kuyang'ana pabedi pomwe dzanja laling'ono la Feliya linkanjenjemera pamwamba pa nsalu.

“Anali m'munda wa fodya,” adatero. “Amanyamula masamba onyowa kuyambira m'mawa. Ndinamutuma ndine.”

Namwino sadadabwe. Adayamba kumuvula Feliya deresi lija mofulumira.

“Ndiye mwamusiya m'zovala zomwezi nthawi yonseyi? Poizoni wa fodya amalowera pakhungu, makamaka tsamba likanyowa. Kwa mwana wamng'ono chonchi zili ngati mwamusutitsa ndudu zambirimbiri nthawi imodzi. Mayi, tengani beseni apo mumusambitse ndi sopo thupi lonse. Iwe mtsikana, nawenso kasambe manja ndi mikono.” Adapachika diripi akuyankhulabe. “Chaka chilichonse nyengo ino ndimalandira ana otere. Makolo onse amati malungo. Ena amabwera nawo atatha kale madzi m'thupi.”

Patapita nthawi a Frazer adawakodola a Mbewe kuti atuluke panja. Lefina adawatsatira n'kuima pakhomo, ndipo sadabisale kuti akumvetsera.

“A Mbewe, mwandiika pamoto,” adatero a Frazer. “Zanenedwa pamaso pa namwino. Tsopano sindingachitire mwina, ndiyenera kukanena ku ofesi. Mukudziwa zomwe zitsatire. Nanenso andifunsa kuti zaka zonsezi ndinkaona chiyani.”

“Kaneneni,” adayankha a Mbewe.

“Mwina tikhoza kunena kuti adangolowa yekha m'munda posewera.”

“Ndati kaneneni momwe zilili, alangizi. Ndatopa.”

A Frazer adavala chipewa chawo n'kupita osatsanzika.

Feliya adatsitsimuka chakumadzulo. Choyamba chomwe adapempha chidali chimanga chowotcha, ndipo namwino adaseka n'kunena kuti ameneyu wachira, koma agone konko kuti amuonetsetse. Adamutulutsa m'mawa mwake. A Mbewe adamukhazika pakaliyala n'kumakankha njingayo wapansi, aNachisale atamugwirira kumsana. Lefina ankayenda pambuyo payekha. Mkwiyo wake udali usanathe. Udali utangokhala pansi ngati makala okwiriridwa ndi phulusa, ndipo sankafuna kuti uthe msanga.

Polowa m'mudzi, anthu ena adawapatsa moni wouma, ena adalowa m'nyumba. Mayi wina adafunsa za Feliya monong'ona, n'kuyang'ana uku ndi uku asanamusisite mutu.

Njira idawadutsitsa pamunda wa kumunsi uja. Masamba a dzulo adali pomwe adawasiya, atafota ndi dzuwa n'kunyowanso ndi mame, ena atayamba kuda. Mtolo womwe Feliya adagwetsa udali pakati pa mizere. Mwanayo adauona n'kuyamba kutsetsereka pakaliyala.

“Ababa, masamba anga aja sindinafikitse. Imani ndikatole, aola.”

A Mbewe adaimitsa njinga. Adamugwira m'khwapa n'kumubwezera pakaliyala, n'kumukonzera chitenje chomwe adafunda. Adauyang'ana mundawo nthawi yaitali, ntchito ya miyezi yambiri ili gone m'matope.

“Khala pomwepo,” adatero. “Aole.”

Adayambanso kukankha njinga. Lefina adafulumiza mapazi pang'ono, n'kugwira chogwirira cha mbali inayo.